Feteleza wa kumunda asalowe m'thanki ya nsomba

Musathire yuriya kapena CAN m'thanki ya nsomba pofuna kuti zomera za m'thankimo zikule msanga. Feteleza ameneyu amatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni kwa nsomba, ndipo m'madzi a pH yokwera (pH ndi muyezo wa asidi m'madzi; ikakwera, asidi ndi wochepa), ngati 7.8 mpaka 8.5 omwe nsomba za mbuna zimakonda, ululu wake umakula kwambiri. Nsomba zimayamba kupumira pamwamba pa madzi, kukana chakudya, kenako kufa.

Gulani feteleza wopangidwira m'thanki, muyambe ndi theka la mlingo wolembedwa pabotolo. Ndowe za nsomba zimapereka kale nitrate wambiri, yemwe ndi chakudya cha zomera; mukaonjeza mosayeza, amene amadya bwino ndi ndere. Masamba atsopano akamatuluka achikasu, nthawi zambiri chikusowa ndi ayironi. Vallisneria, chomera cha m'madzi chooneka ngati udzu, imadyeranso kumizu, choncho kwirirani mibulu ya feteleza wa m'thanki pansi pamchenga, mozama ndithu, chifukwa mbuna zimakumba.

Yezani madzi sabata iliyonse: ammonia ndi nitrite (poizoni wina wochokera ku ammonia) zikhale pa 0, nitrate asapitirire 40 mg pa lita. Sinthani kota la madziwo, ndipo a pampopi muwathire kaye mankhwala ochotsa klorini. Nyali isayake kupitirira maola 8 patsiku.