Mlendo wazemba bilu ya hotelo koma wasiya chikwama, nanga mungachigulitse?

Eni hotelo ambiri amaona ngati mlendo akangozemba bilu ndiye kuti katundu wake wasanduka wawo, mawa lomwe laputopu yapita kumsika. Ayi ndithu. Kugwira katundu ngati chikole ndi nkhani ina, kugulitsa ndi inanso ndipo ili ndi ndondomeko yake.

Ku England nkhaniyi ili m'lamulo lakalekale la Innkeepers Act la 1878, nthawi imene alendo ankabwera pa akavalo, moti m'lamulomo akutchulanso ngolo ndi akavalo. Choyamba onetsetsani kuti ngongole ilipodi, ya chipinda kapena chakudya. Ngati munthu analipira zonse koma anangoiwala jekete kuseri kwa chitseko, lamuloli silikukupatsani mphamvu yogulitsa, muimbireni foni adzatenge.

Ngongole ikakhalapo, tsegulani chikwamacho pali mboni, lembani chilichonse ngakhale tchaja yothyoka ndi sokosi imodzi, jambulani zithunzi, ikani tsiku, kenako kiyani. Anthu apa amachita ulesi, koma tsiku limene mwiniwake adzatulukire nkumati munali wotchi yodula mudzayamika kapepalako.

Kenako kudikira. Katundu akhale m'manja mwanu masabata 6 ngongole isanalipidwe. Komanso kutatsala mwezi wathunthu kuti mugulitse, muyenera kulengeza mu nyuzipepala ziwiri, imodzi ya ku London ina ya m'dera lomwe katunduyo anasiyidwa, mufotokoze mwachidule kuti ndi katundu wanji ndi dzina la mwiniwake ngati mukulidziwa. Kugulitsa kwake ndi pa okushoni poyera anthu apikisane mitengo, osati kuitana mlamu wanu nkumupatsa pamtengo wozizira kuseri kwa kitchini.

Ndalama zikabwera mumachotsapo ngongole yanu ndi zomwe mwawononga pogulitsa, zotsalazo si zanu, mwiniwake akazifuna mumpatse. Kunena zoona ngati m'chikwama muli zovala zakutha zokhazokha, ndalama yolengezera ingathe kuposa zomwe mungapeze, ndiye muwerengere kaye musanayambe.

Pali zina zomwe simungazigwire. Lamulo lina la komweko ku England, la Hotel Proprietors Act la 1956, linachotsa galimoto, katundu wosiyidwa m'galimotomo, komanso ziweto pa zinthu zomwe mungagwire ngati chikole. Munthuyo simungamutsekere m'chipinda, ndipo zovala zomwe wavala simungamuvule ngakhale mwakwiya chotani. Pasipoti nayo si yogulitsa, imakhala ya boma lomwe linaipereka, kaperekeni kupolisi kapena ku embasi.

Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, ku America mpaka siteti iliyonse ili ndi ake, ndiye masabata 6 aja musangowatengera kulikonse, funsani loya wa komwe kuli hotelo yanu musanaike mtengo pa chikwamacho.