Job ikagwa pa cluster, yambani mwaona kumene vuto likutsatira

Ndimayang'anira cluster (makompyuta ambiri olumikizidwa, iliyonse yotchedwa node) yoyendera Slurm, pulogalamu imene imagawira ma node ntchito zotchedwa ma job, ndipo dandaulo limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti "makina anuwa afa, job yanga yagwa." Nthawi zina amakhala akunena zoona, koma nthawi zambiri ayi. Musanaloze chala makina kapena pulogalamu, chitani kaye izi.

Lembani `sacct -j` ndi nambala ya job, muwonjezere `--format=JobID,State,ExitCode,NodeList,MaxRSS`, muone node imene job inagwerapo. Kenako itumizeninso kawiri: koyamba ndi `--nodelist` kuti ibwerere pa node yomweyo, kachiwiri ndi `--exclude` kuti ipite kwina. Ikagwa paliponse, vuto lili mu pulogalamu yanu. Ikagwa pa node imodzi yokhayo, musachezere usiku wonse kufufuza code. Ngakhale wokonza magetsi amayamba wayesa babu lina asanakwere kudenga kukasasula mawaya.

Koma pali msampha umodzi. Mukaona "Illegal instruction" pa ma node ena okha, makinawo alibe mlandu. Kawirikawiri munthu amakhala atapanga compile pa login node (makina amene mumalowerapo potumiza ma job) ndi `-march=native`, ndiye compiler inagwiritsa ntchito malamulo a purosesa a AVX-512 pomwe ma node akale amangodziwa AVX2. Yerekezani `lscpu` ya makina awiriwo, ndipo pangani compile molingana ndi purosesa yakale kwambiri imene job ingagwerepo.

Manambala a exit code a mu log amanena zambiri. 137 ndi 128 kuphatikiza 9, kutanthauza kuti pulogalamu yaphedwa ndi SIGKILL, ndipo wopha wake nthawi zambiri amakhala kutha kwa memory. Onani MaxRSS (memory yochuluka kwambiri imene job inagwiritsa ntchito), mukweze `--mem`. 139 ndi segmentation fault, kutanthauza kuti pulogalamu yakhudza memory imene siiloledwa kukhudza. Ngati ndi Fortran ya ma array akuluakulu, yesani `ulimit -s unlimited` musanapite patali; zikakanika pangani compile ndi `-g -fcheck=all -fbacktrace` pa gfortran, kapena `-fsanitize=address` pa C, kuti ikuuzeni mzere weniweni.

Za MPI, njira imene magawo a job imodzi amalankhulirana pa ma node angapo, ndizo zimadya nthawi ya anthu. Wina amapanga compile ndi OpenMPI, koma mu script ya job muli `module load` ya Intel MPI, kapena mulibe module iliyonse chifukwa ankaiyatsa pamanja. Ikani `module list` ndi `ldd` m'kati mwa script momwemo, osati pa login node, kuti muone library imene job ikutengadi. Ngati job imayenda bwino pa node imodzi koma ikafalikira pa awiri imangoti zii osagwa osatha, kayang'aneni netiweki. `ibstat` iyenera kuonetsa State ili Active, ndipo `ulimit -l` m'kati mwa job ikhale unlimited, apo ayi InfiniBand, netiweki yothamanga yolumikiza ma node, imalephera kutsekera memory imene ikufuna.

Tsopano node yodwaladi. `sinfo -R` imakuuzani chifukwa chimene node inachotsedwera pa ntchito. Lowani, muwerenge `dmesg -T` ndi `ipmitool sel list`. Mizere ya EDAC (yolemba zolakwika za memory) yonena za corrected errors ikamachuluka pa DIMM (kachidutswa ka memory) imodzi, isintheni isanafike pa uncorrected. Pa GPU ya NVIDIA, uthenga wa Xid 79 ukutanthauza kuti khadi lasowa pa PCIe. Onani magetsi, kutentha ndi mmene lakhalira mu slot. Fumbi lotseka mafani ndimalikayikira msanga, chifukwa purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro, ndipo node imodzi yochedwa imachedwetsa job yonse ya MPI popanda uthenga uliwonse.

Node yotereyi ichotseni ndi `scontrol update NodeName=... State=DRAIN Reason=...`, ndipo Reason-yo mulembe zomveka, osati "broken". Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chongoyatsanso makina n'kulemba RESUME kuti node ibwerere pa ntchito. Node imene imagwetsa ma job msanga imaoneka yopanda ntchito nthawi zonse, ndiye Slurm imangoiponyera ma job ena, onse n'kumagwera pomwepo.

Ma node akamakana kulankhulana ndi controller (makina otsogolera Slurm) ndi uthenga wa munge, pulogalamu yopereka ziphaso pakati pa makina, wakuti "Expired credential" kapena "Rewound credential", onani wotchi. Chiphaso cha munge chimakhala mphindi 5 zokha ngati simunasinthe, choncho nthawi ikasiyana kwambiri chimakanidwa. `chronyc tracking` pa makina onse awiri ikuonetsani amene wasochera.