Chisanu cha ku England: pezani chochita m'nyumba, koma khoma la eni musalikhudze

Mawotchi akangobwezedwa m'mbuyo Lamulungu lomaliza la Okutobala, dziwani kuti mdima wafika. Kuno ku Manchester, mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Umapita ku ntchito kuli mdima, kubwerako kulinso mdima. Ife amene tinazolowera kuti kukazizira mu Juni timangotuluka pakhonde kukawothera dzuwa, kuno timasowa pogwira. Tsiku lopuma umangokhala ndi foni m'manja, maganizo ali kumudzi, mutu n'kuyamba kulemera. Choncho wobwera kumene aliyense ndimamuuza kuti manja asakhale chabe. Koma imvani kaye zimene zinandionekera.

Chisanu changa chachiwiri ndinaganiza zokonza chipinda chochezera. Makoma anali atatuwa, penti itathetheka m'makona. Nyumbayo inali ya lendi, ndiye ndinaimbira foni ejenti woimira mwini wake, mayi wina wolankhula mokoma, kumufunsa ngati ndingapake penti ndi kukhoma mashelefu awiri. Anati palibe vuto, bola ndigwire bwino. Penti ndinagula ndi ndalama zanga. Masiku opuma a milungu itatu anathera pamenepo, kupala khoma ndi sandipepa, kumata ming'alu, kupaka kawiri. Nyumba inawala, ana n'kumaitana anzawo.

Tsiku lotuluka litadutsa, kunabwera imelo yoti adula pafupifupi dipoziti yonse. Akuti ndasintha mtundu wa khoma popanda chilolezo, ndaboola khoma, ndiponso kuchipinda kwamera nkhungu kuseri kwa wodilopu. Ndinathamangira ku ofesi yawo. Mayi uja anali atasiya ntchito, ndipo mnyamata amene ndinamupeza, osadzutsa n'komwe mutu pa kompyuta, anangondifunsa kuti zimenezo zinalembedwa pati. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli gwa.

Ndinakadandaula ku bungwe losunga dipoziti. Kudandaulako n'kwaulere, koma iwo amaweruza poona mapepala, ndipo ine ndinalibe ngakhale limodzi. Chikalata chofotokoza momwe nyumba inalili tsiku lolowa, chomwe amati inventory, ndinasaina osawerenga chifukwa chotopa ndi kunyamula katundu. Za penti yothetheka munalibemo. Zithunzi sindinajambule. Anandibwezera kangachepe, zina zonse zinapita, ndalama zomwe ndinkati ndikafolerere nyumba ya mayi anga. Mpaka lero ndikadutsa pa msewu umenewo mtima umandiwawa.

Ndiye achimwene, alongo, mawu a pafoni si chilolezo. Kaya ejentiyo akumwetulireni bwanji, muuzeni alembe imelo, yotchula mtundu wa penti ndi khoma lake. Akakana kulemba, burashi musaigwire. Za malamulo n'zachidule: ku England dipoziti iyenera kusungidwa ku limodzi mwa mabungwe osunga dipoziti, DPS, mydeposits kapena TDS, pasanathe masiku 30, ndipo kuyambira 2019 pa nyumba wamba siipitirira lendi ya milungu isanu. Zikavuta, mabungwe opereka uphungu a Citizens Advice ndi Shelter amathandiza osalipiritsa.

Ntchito gwirani pa zinthu zanu zomwe mudzanyamule potuluka. Tebulo lakale kapena mpando mumazipeza motchipa m'mashopu a charity ndi pa Facebook Marketplace. Palani, pakani vanishi, zenera lili lotsegula. Chitenje chomwe chatha musachitaye: sokani ngati mtsamiro wautali, longedzanimo zovala zakale, muike kunsi kwa chitseko. Kamphepo kamene kamakuluma m'mapazi kamatha, ndipo ana amakonda kuthandiza kulongedzako. Zithunzi pachikani ndi zomatira zochotseka, osati misomali. Mapepala anunso, a viza, a lendi, a malipiro, akhalireni pansi madzulo amodzi muwajambule ndi kuwasunga malo amodzi.

Pali zina zomwe zimandikwiyitsa ndikaziona kwa anzathu. Wina pofuna kuti nyumba itenthe amamata timabowo tolowera mpweya ta pamwamba pa zenera, kenako n'kuyanika zovala zonyowa pa radiator, chitsulo chotenthetsa m'chipinda, nyemba zikubwata pamoto kwa maola awiri. Nthunzi yonseyo mukuganiza ikupita kuti? Imakhala pakhoma, nkhungu n'kumera. Si nkhani ya dipoziti yokha ayi. Ku Rochdale, pafupi pompano, mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira mu 2020 chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba yomwe eni ake sanaikonze ngakhale makolo anadandaula. Tsegulani zenera kwa mphindi zochepa m'mawa uliwonse, wodilopu isagunde khoma, ndipo mukaona madontho akuda jambulani n'kulembera ejenti tsiku lomwelo.

Mbaula m'nyumba, ayi ndithu. Ndinamvapo munthu akunena kuti kwathu timatero. Kwathu mphepo imalowa paliponse. Nyumba za kuno n'zotsekeka, ndipo mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsa osadzukanso. Boiler, makina otenthetsa madzi ndi nyumba, komanso mapaipi a gasi musatsegule ngakhale mutaonera mavidiyo angati pa YouTube, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, ndipo woitana ndi mwini nyumba. Boiler ikafa pakati pa Januwale, lembani imelo yokhala ndi deti, foni muimbe pambuyo pake.