Momwe mungagwirire madzi a mvula pabwalo panu ku Joni

Mvula ya ku Johannesburg imabwera mwaukali, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo pabwalo pomwe anathira simenti ponseponse madzi amasowa kolowera. Amathamangira mumsewu, ndipo kumpoto kwa mzindawu ambiri amakathera mumtsinje wa Jukskei. Olira ndi anzathu a ku Alexandra okhala m'mphepete mwa mtsinjewo. Chofunika n'kuwachedwetsa madziwo kuti alowe pansi pomwe agwerapo, monga timachitira ndi akalozera kumunda kwathu.

Yambani ndi denga. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga la masikweya mita 50 likalandira mamilimita 20, amenewo ndi malita 1,000. Tcherani thanki pomwe paipi ya padenga imatsikira. Ya JoJo ndi yabwino koma imaluma m'thumba. Madiramu akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi otchipa, kungoti ena munali mankhwala. Wogulitsa akakana kutsegula kuti mununkhize, musiyireni katundu wake.

Madzi osefukira m'thankimo apite m'kadimba kolowa pansi, kotalikirana ndi khoma la nyumba mamita atatu kapena kuposa. Musanakumbe, yesani dothi. Apa ndikhalitsapo, chifukwa kadimba kanga koyamba kanasanduka chithaphwi. Pamwamba dothi linkaoneka lofewa bwino, koma pansi pake panali makande, osalola madzi kudutsa. Madzi anangokhala mpaka kuyamba kununkha, maluwa anawola mizu, udzudzu unaswana. Ndiye kumbani kadzenje kofika m'bondo, mudzaze madzi, aphwe, mudzazenso. Ulendo wachiwiriwu ndi umene umanena zoona, popeza dothi louma limamwa msanga n'kukunamizani. Likatha tsiku lathunthu madzi adakalimo, sinthani malo. Malo ena akasowa, kumbani motambalala osati mozama, ndipo dothilo musakanize ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa. Mchengawo muufinye m'manja uli wonyowa asanautsitse pa galimoto. Ukaumbika n'kusiya matope m'dzanja, akusakanizirani ndi dothi, ngakhale alumbire bwanji.

Kum'mwera kwa mzindawu, monga madera a Lenasia ndi mbali zina za Soweto, pansi pali mwala wa dolomite umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi mpaka nthaka kutitimira. Kumeneko musalowetse madzi pansi mwadala. Gwiritsani thanki basi, otsalawo apite ku ngalande ya mumsewu.

Dothi likalola, kumbani kadimbako ngati beseni lozama masentimita 15 mpaka 20, pansi pake pakhale pofanana. Polowera madzi yalani miyala kuti asakokolole. M'mphepete dzalani vetiva ngati mwamupeza, mkati muike maluwa a Dietes, aja amadzadza m'minda ya mabwana, poti maluwawa amapirira madzi ndi chilimwe chomwe. Ogwira ntchito za m'minda mbewu simugula, mumangogawa zitsa.

Poimika galimoto yalani miyala ya kwale kapena njerwa zosiya mipata m'malo mwa simenti. Siyani potulukira madzi akachuluka, poloza kumsewu osati kwa neba. Paipi ya madzi a mvula musailumikize ku suweji, malamulo a mzinda amaletsa. Ngati mukuchita lendi, kambani kaye ndi alandilodi musanagwire pikisi.