Akuti yankho lili ku inbox, ndiyang'ane pati?

Afunsa motero mayi ena a ku Luchenza omwe anafunsira ntchito ku esiteti ya tiyi, koma yankholo sakuliona.

Inbox ndi pamene pamafikira mauthenga obwera kwa inu, kaya pa imelo, SMS kapena Facebook. Amene mwatumiza inuyo pa imelo amakhala ku Sent.

Mayi, yambani ndi bandulo, muone ngati ilipo, ndipo muyatse data. Tsegulani Gmail, dinani timizere titatu kumtunda chakumanzere, musankhe Inbox (m'mafoni ena pamalembedwa Primary), kenako kokerani chala m'munsi kuti atsopano alowe.

Mukapanda kuuona uthengawo, suzumirani mu Promotions (mogwera mauthenga otsatsa malonda) ndi mu Spam (mogwera mauthenga omwe Gmail yawakayikira). Apa musazengereze, Gmail imafufuta yokha za mu Spam pakatha masiku 30.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi malo osungira zinthu. Google, mwini wa Gmail, imapereka malo aulere a 15 GB, omwe Gmail imagawana ndi Drive ndi Photos (mosungira mafayilo ndi zithunzi). Zikadzaza, makamaka ndi mavidiyo a pa ukwati, imelo silowanso, imabwerera kwa mwini wake. Fufutani mavidiyowo, mukhuthulenso Trash (momwe mumagwera zofufutidwa), apo ayi malo sapezeka. Kenako apempheni a ku esiteti aja atumizenso.

Ngati ankanena za Facebook, onani Message requests mu Messenger, n'komwe kumagwera mauthenga a anthu omwe si anzanu.