Momwe mungafufuzire mbiri ya banja lanu m'dera lakumudzi

Anthu ambiri akafuna kudziwa za makolo awo amathamangira pa intaneti n'kulembapo dzina la banja. Zotsatira zake zimakhala mayina mazanamazana a anthu achilendo. Ngati banja lanu linakhazikika m'dera lakumudzi, tsatirani malo osati dzina lokha, chifukwa kaundula wa mpingo, mapepala a munda ndiponso kalembera wa boma zonse zimasungidwa potengera dera.

Choyamba, pitani kwa achikulire a m'banja mwanu mwezi womwe uno, musachite kudikira tchuthi. Apempheni kuti muwajambule mawu pa foni. Funso loti "Munabadwa chaka chanji?" silithandiza kwenikweni, chifukwa ena angotchula chaka chilichonse kuti musabwerere chimanjamanja. Funsani chonchi: "Agogo, pomwe munkabereka mwana woyamba, mlatho uja unali utamangidwa? Sukulu ija inali itatsegulidwa?" Chilala, kusefukira kwa mtsinje, nkhondo ndi kumangidwa kwa msewu zili ndi zaka zodziwika, ndipo inu mudzazipeza pambuyo pake.

Tengani chithunzi chakale ngati chilipo. Agogo akachigwira m'manja, chala chili pankhope ya munthu wamumzere wakumbuyo, mayina amene anaiwalika amabwera okha, pamodzi ndi nkhani zake. Lembani mayinawo kuseri kwa chithunzi ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera n'kuwononga. Musaiwale kufunsa mayina amene amayi ankadziwika nawo asanakwatiwe, ndi mayina ongopatsana pocheza. Ine ndimaona kuti ndi bwino kucheza ndi achikulire awiri aliyense payekha, chifukwa akakhala pamodzi wamng'ono amangovomera za wamkulu.

Chachiwiri, lembani zonse mukope limodzi, kuyambira pa inuyo kubwerera m'mbuyo, m'badwo umodziumodzi osadumpha. Pambali pa mfundo iliyonse lembani amene wakuuzani kapena buku limene mwaipezamo.

Chachitatu, phunzirani mbiri ya malire a deralo musanapite ku ofesi iliyonse. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Banja likhoza kukhala pamunda womwewo zaka 100, koma boma loyang'anira mundawo n'kusintha kawiri kapena katatu. Ku America, dera la West Virginia linapatuka ku Virginia mu 1863, choncho munthu amene zikalata zikuti anabadwira ku Virginia n'kumwalirira ku West Virginia mwina sanasamukepo n'komwe. N'chimodzimodzi ndi mipingo: tchalitchi chatsopano chikapatuka, mabuku akale amatsala kutchalitchi chachikulu kumene chinachokera. Funsani kuti m'chaka chimene mukufunacho, deralo linali pansi pa ofesi iti.

Chachinayi, fufuzani kaundula wa mpingo, amene nthawi zambiri ndi wakale kuposa wa boma. Msonkhano wa atsogoleri a mpingo wa Katolika wa ku Trent mu 1563 unalamula maparishi a Katolika kulemba maubatizo ndi maukwati. Ku England, Thomas Cromwell, nduna ya mfumu, analamula zofanana ndi zimenezi mu 1538, pomwe boma linayamba kulemba lokha obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837. Mukapatsidwa bukulo, musangoyang'ana dzina la mwana. Werengani mayina a mboni. Mboni yomweyo ikamapezeka pa ubatizo wa ana atatu a banja limodzi, kawirikawiri amakhala m'bale, ndipo ndi amene angakutsegulireni njira yakuchikazi. Sambani m'manja, tembenuzani masamba pang'onopang'ono, ndipo pemphani kaye musanajambule.

Kenako kalembera. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku America kalembera amachitika zaka 10 zilizonse kuyambira mu 1790, koma anayamba kulemba dzina la mfulu aliyense wa pakhomo mu 1850. Anthu amene anali akapolo anayamba kulembedwa ndi mayina awo mu 1870, ukapolo utatha. Mayina a m'kalembera amasungidwa mwachinsinsi kwa zaka 72, n'chifukwa chake kalembera wa 1950 anatulutsidwa mu 2022. Mukapeza banja lanu, werenganinso makomo oyandikana nawo, chifukwa wolemba ankayenda khomo ndi khomo, ndipo kumudzi anansi amakhala achibale kapena apongozi. Kumbukiraninso kuti ankalemba dzina mmene walimvera, ndiye yesani kalembedwe kosiyanasiyana.

Mudzapeza kuti mabuku ena kulibe. Pafupifupi kalembera yense wa ku America wa 1890 anawonongeka ndi moto mu 1921 ku Washington, ndipo ku Dublin zikalata zambiri za dziko la Ireland zinapsa mu 1922. Zikatero musataye mtima. Mabuku a msonkho, kaundula wa sukulu, mapepala ogulitsira malo, mawilu ndi nyuzipepala zakale zimatchulanso anthu omwewo. Wilu, kalata yonena mmene chuma cha munthu chidzagawidwire akamwalira, ndi yamtengo wapatali kwambiri, chifukwa nthawi zambiri imatchula mkazi ndi ana pamodzi.

Kumanda pitani mutapempha kwa oyang'anira. Ngati zilembo pachiliza zafufutika, musakwechepo ndi waya kapena mwala. Dikirani m'mawa kapena madzulo dzuwa likamawomba cham'mbali, kapena unikani ndi tochi kuchokera m'mbali, zilembozo zimaoneka chifukwa cha mthunzi. Jambulaninso manda oyandikana nawo.

Pa intaneti mupiteko pomaliza, mutadziwa kale dera ndi zaka. Tsamba la FamilySearch ndi laulere ndipo lili ndi zithunzi za mabuku enieni ochokera m'mayiko ambiri. Khulupirirani chithunzi cha bukulo. Mizere ya mabanja imene anthu ena anailumikiza kale muitenge ngati mphekesera mpaka mutaona umboni, chifukwa anthu awiri a dzina limodzi m'dera limodzi si chinthu chachilendo.

Mukamaliza gawo lililonse, sindikizani zimene mwapeza n'kugawira achibale angapo, ndipo kope lina mukasiye ku laibulale kapena ku mpingo wa m'deralo. Masiku obadwa ndi nkhani zachinsinsi za anthu amene adakali moyo muzichotse mukope limenelo, pokhapokha eni ake atavomera.