Mmene ndinathetsera kugogoda kwa kumbuyo kwa galimoto

Corolla yanga imagogoda kumbuyo ndikaponda bampu, makamaka pamsewu wafumbi wa ku Bembeke, ndipo matayala akumbuyo amadyeka mbali imodzi. Ndinayamba ndasintha mashoko, phokoso silinathe. Nditakanula mkono wa sasipenishoni ndi chitsulo, ndinaona labala wa bushi, kachipangizo kokhala polumikizira mkonowo ndi galimoto, atang'ambika, zidutswa zikuyoyoka.

Ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zipika zolimba. Musalowe pansi pali jeke yokha, chonde. Mabawuti adzimbiri ndinawathira oyilo madzulo, m'mawa anamasuka. Bushi yakale hamala inaikanika, ndiye ndinadula chitsulo chake chakunja ndi sowo, inatuluka. Bowolo ndinalipala ndi sandipepa, yatsopano ndinailowetsa pokoka ndi bawuti yaitali, mawashala ndi soketi yaikulu, pang'onopang'ono kuti isapendame.

Chofunika kwambiri ndi ichi: mabawuti musawamange zolimba galimoto ili m'mwamba. Itsitseni kaye, iime pa matayala ake, kenako mangani. Mukamanga ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Ndinagula mabushi awiri ndi bawuti ija basi, zina ndinabwereka. Kenako ndinakachititsa alignment, kuwongola kaimidwe ka matayala. Dzulo ndatsika ku Golomoti, kumbuyo kuli zii.